Kachitini Kotontholetsa Nyimbo Maliro Akamadutsa

Okala ya achemwali anga ili ku Bangwe, m'mphepete mwa msewu wafumbi umene umakwera kupita kumanda. Aliyense womwalira kudera limenelo amadutsa pakhomo pawo. Alamu anga, asanatisiye, ankakonda kunena kuti malo aja ndi abwino pa geni chifukwa kasitomala aliyense adzafikapo ndithu, kungoti ulendo womalizawo sagula kanthu.

Alamuwo ndi amene anasiya ampulifaya yakale ndi sipika yaikulu ngati kabati. Ampulifaya anaikhomera shelefu yake pamwamba, pafupi ndi malata, chaka china madzi a mvula atalowa m'okalamo kulekeza m'mawondo. Sipika imakhala pakhonde. Nyimbo zimachokera m'kawailesi kakang'ono kolowetsa fulashi, ndipo fulashiyo ndi ya alamu omwewo, nyimbo zake anasankha okha. Zonsezi zimadya batire limodzi la galimoto, lokalamba, lodalira kasola ka padenga. Batire lomwelo ndi limene achemwali amatchajira mafoni a anthu. Pamsewu umene uja okala yopanda nyimbo anthu amaiyesa yotseka, amangopitirira kukagula sopo kutsogolo.

Koma pali lamulo limene palibe analilemba. Maliro akamadutsa, nyimbo zimazima. Wa kabaza amatsika panjinga, wachipewa amavula, wometa amaimitsa makina mutu wa munthu uli theka. Alamu, poti anali aatali, ankangotambasula dzanja n'kupotokola kabatani. Achemwali atatsala okha ankakwera pa kireti ya zakumwa. Kenako anadwala sitiroko. Anachira ndithu, pakamwa panawongoka, koma mwendo ndi dzanja lakumanzere zinatsala zolemera. Kudzuka pampando kunasanduka ntchito yochita kuikonzekera, za kireti ndiye tisanene. Mwana wawo wamkazi ankawayatsira zonse m'mawa asanapite kuntchito ku Limbe, n'kudzazimitsa akaweruka.

Tsiku lina masana maliro anadutsa achemwali ali okha. Anali a bambo wina wa mumpingo mwathu, wa kwathu komwe ku Nsanje. Galimoto ya bokosi inatulukira pakona sipika ili pakati pa nyimbo yovinira akwati. Achemwali anayesa kudzuka, ndodo inagwera kutali. Anaitana oyandikana nawo, koma onse anali ataima kumsewu mitu ili pansi, ndipo mawu awo anamizidwa ndi nyimbo yomweyo. Amayi amene ankaimba mu lole anachita kulekeza nyimbo yawo panjira chifukwa ng'oma za m'sipika zinkawasokoneza. Mdipiti wonse unadutsa choncho, woyamba mpaka womaliza.

M'mawa mwake kunabwera amayi a pampando a mphakati wawo, kagulu kaja ka mabanja a mpingo oyandikana nyumba amene amapemphera pamodzi mkati mwa sabata. Ndi mayi wachikulire, wovutika mawondo, wosadziwa kukweza mawu. Sanakalipe. Anangoti, "Mayi, tonse tikudziwa kuti mukudwala. Koma wamasiye uja wandifunsa kuti amuna ake analakwira chiyani banja lino. Ine ndasowa chomuyankha."

Madzulo ake achemwali anauza mwana wawo kuti azule mawaya, sipika aifunditse chitenje.

Ine ndinakafika Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi. Inali nyengo ya Lenti, ndiye ena ankayesa kuti achemwali asala nyimbo chifukwa cha Lentiyo. Ndinawapeza atakhala pampando wawo wa nsungwi, duku lili pambali, akuyang'ana ntchentche pa botolo la maswiti. Kuyambira pamene ndinafika mpaka pamene ndinamaliza tiyi, amene anaima pa okalapo ndi mbuzi yokha. Anandifotokozera zonse osandiyang'ana, kenako anati Pasaka ikadutsa atseka, apita kumudzi. Kumudzi kumene ankanenako kulibe wowasamalira. Nyumba ya makolo inagwa kalekale, chipatala chili kutali, ndipo amene angawatungire madzi sindimamudziwa.

Tsono ndinene za ine. Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Chitawira. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8, koma ndinachokako ndi matenda owerenga amene sanandisiye mpaka lero. Ndimawerenga nyuzi yokulungira usipa, ndimawerenga kapepala ka m'bokosi la mankhwala mbali zonse ziwiri. Zaka zapitazo ndinagula pansi ku Limbe chibuku chonenepa chopanda chikuto, chofotokoza za m'kati mwa mawailesi. Sindinachigule kuti ndiwerenge ayi, ndinkafuna chochirikizira mwendo wa makina anga umene unali waufupi. Tsiku lina kasitomala atachedwa ndinachisolola, ndipo kuyambira pamenepo makina akhala akutsimphina. Chili m'Chingerezi cholimba, ndimachiwerenga ndi dikishonale pambali, tsamba limodzi masiku awiri. Ndi nzeru za m'menemo ndakonzapo mawailesi awiri. Amene ndapha ndi asanu. Kubanja kwathu amanditcha a injiniya, ndipo sikuti amatero pondilemekeza.

"Achemwali," ndinatero, "musatseke kaye. Ndikupangirani chozimitsira muli pampando pomwepo."

"Iwe? Wailesi ya malemu bambo unaitsegula ikulankhula, unaitseka ili duu."

"Ndi zomwe tikufunazo. Luso lotontholetsa ndili nalo kale."

Anaseka pang'ono, mbali imodzi ya pakamwa. "Uli ndi mpaka Pasaka, a injiniya. Ine mtima wanga unapita kale."

Njira yoyamba inali ya munthu waulesi. Ndinadula waya wochokera ku batire, n'kuutalikitsa kufika pampando, n'kuikapo swichi ya nyale. Titayesa, kuzimitsa kokha sipika inati phuu ngati tayala la lole laphulika, nkhuku za aneba n'kubalalika. Poyatsa inaphulikanso, kenako mayi amene amakhala m'kawailesi kaja analengeza m'Chingerezi, ndi mawu onse, kuti wadzuka ndipo ali wokonzeka. Nyimbo n'kuyambiranso pa yoyamba.

"Ukufuna anamfedwa aziyesa kuti tikuwaombera mfuti?" anafunsa achemwali. "Chotsa."

Ndinachotsa. Ndinaphunzira kuti moto wa ampulifaya suyenera kukhudzidwa. Choyenera kutsekedwa ndi mawu okhawo, pa kawaya kochokera ku kawailesi kupita ku ampulifaya, pamene akadali aang'ono. Ndinapeza rilei ya galimoto yakufa kwa okonza magalimoto ku Zingwangwa. Rilei ndi swichi yokokedwa ndi maginito: ukaipatsa moto imagwira, ukaimana imasiya. Ndinailumikiza kuti izigwira nyimbo zikamalira, izisiya akadina pampando. Inagwira ntchito, ngakhale inkasiya kaphokoso kakuti thwa m'sipika. Ndinabwerera ku Chitawira ndikuyenda ngati munthu wa digiri.

Patatha masiku atatu anandiimbira foni. Batire linkafooka dzuwa lisanapendeke, mafoni a anthu ankatuluka osadzaza, ndipo wina anali atanena kale kuti akatchajitsa kwina. Nditakafika ndinagwira rilei ija, inali yofunda ngati dzira longoikira kumene. Maginito aja ankamwa moto tsiku lonse pongodikira maliro amene mwina sabwera n'komwe. Batire latsopano silikanamva kanthu, koma lija linali nkhalamba yoyendera ndodo ngati eni ake.

"Mlonda wako akudya kuposa eni nyumba," anatero achemwali. Mawaya anali atazulitsa kale, chitenje chili pa sipika.

Apa ndi pamene ndinasiya kuthamanga. Ndinalemba pa pepala lodulira mapatani zinthu zimene chipangizocho chiyenera kuchita, ndi choko changa chomwe cha utelala. Chisaphulike. Chisadye batire la mafoni. Ndipo chikadzawonongeka tsiku lina, poti zanga zimawonongeka, chidzawonongekere kuchete, osati kuphokoso. Mfundo yomalizayi ndinaidula mzere kunsi kawiri. Kenako ndinayamba kufufuza m'chibuku chija masana aliwonse, makasitomala akundipeza ndili ndi tepi m'khosi, mphuno ili m'buku, mathalauza awo asanapindidwe.

Ndinachipeza chakumapeto, pa mutu umene ndinkaudumpha nthawi zonse chifukwa unali ndi masamu ambiri. Pali mtundu wina wa tiranzisita, kanthu kakuda ka miyendo itatu kochepa ngati nyemba, kamene kamachita zinthu mosiyana ndi anzake. Ndinakamvetsa poganiza za ngalande za ku Bangwe komweko. Mawu amayenda m'waya ngati madzi a mvula mumsewu. Ukakumba ngalande yapambali, madzi onse amakhotera m'menemo, kutsogolo sikufika kanthu. Katiranzisita aka ndi ngalande yoteroyo, ndipo mwachibadwa chake imakhala yotsegula. Kuti itsekeke, nyimbo zidutse, umayenera kukankha chitseko chake ndi batire laling'ono lolumikiza chozondoka. Chodabwitsa n'chakuti chitsekocho chimangomva kukankhako, moto sichimwa. Batire limangoima n'kutsamira, osatuluka thukuta. Ndipo tsiku limene batirelo lidzafe, chitseko chidzatseguka chokha, nyimbo n'kugwera m'ngalande.

Ndinawerenga ndimeyo kanayi kuopa kuti mwina Chingerezi chandinamiza. Kenako ndinaimirira n'kuzungulira makina anga, mwini sitolo n'kundifunsa ngati ndalumidwa ndi kanthu.

Kuwerenga kunali kosavuta poyerekeza ndi kukapeza. M'masitolo a zamagetsi mu tauni ankandiyang'ana ngati ndikufunsa mazira a njovu. Buku linati timapezeka m'mawailesi ena akale, chakumayambiriro kumene siteshoni imalowera. Ndiye Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Ndirande, kumsika, kwa bambo wina amene amagulitsa zidutswa za mawailesi akufa. Ali ndi mulu wofika m'chiuno. Ndinakhala pa njerwa ndi galasi la tochi yosweka, n'kumawerenga timanambala pa tiranzisita iliyonse, ndikuyerekeza ndi mndandanda umene ndinakopera m'buku.

"Madala, mukusaka golide?" anandifunsa dzuwa lili paliwombo.

Ndinamufotokozera. Anandimvetsera mpaka kumapeto akutafuna nzimbe.

"Zaka zonsezi anthu amabwera pano kuti wailesi ilire," anatero. "Inu nokha mwabwera kuti ikhale chete. Bwanji osangoiponda?"

Loweruka loyamba sindinapeze kanthu. Loweruka lachiwiri ndinapeza kamodzi m'wailesi ya galimoto, ndipo ndinakapha ndekha madzulo omwewo. Magetsi anali atazima, ndiye ndinkawotcherera ndi msomali wotenthetsa pa mbaula, mayi a kunyumba atandisunthira poto wa nyemba pambali. Msomali ndinauchedwetsa pa mwendo wake, kanapsa m'kati. Mayi a kunyumba anangobwezera poto wawo pamoto. Loweruka lachitatu bambo uja anali atandisungira mawailesi anayi pansi pa tebulo lake. "Ndinauza akazi anga za achemwali anuwo," anatero. "Akuti ndikuthandizeni musanapenge." M'menemo ndinapeza tiwiri.

Ndinaphunzira kugwira mwendo wake ndi pulayala powotcherera kuti kutentha kuzithawira m'chitsulo. Kamodzi kokha sikanakwane, nyimbo inkatsalabe pansipansi ngati udzudzu uli kuseri kwa khutu, ndiye ndinaika tiwiri motsatizana, ngalande ziwiri. Nditalumikiza pa tebulo panamveka kung'ung'udza ngati njuchi. Buku linati zonse zitsekeredwe m'chitsulo, ndiye ndinatsuka kachitini ka polishi wa nsapato, n'kuboola timabowo ta mawaya. Njuchi zinachoka. Batire ndinagwiritsa ntchito laling'ono la makona anayi lija. Kuti mawu asamaduke mwadzidzidzi ndinaika kapasita, kamene kali ngati kandowa kosungira mphamvu: ukadina batani, kandowako kamakhuthuka pang'onopang'ono, chitseko n'kumatseguka pang'onopang'ono, nyimbo n'kumatsika ngati munthu akuchoka nayo kupita kutali.

Pakanakhala wondigwira dzanja pamenepo, bwenzi nkhaniyi itathera pompa. Koma nzeru zinandikwera kumutu. Ndinaona kuti kandowa kaja ndikakadzazitsa kudzera pa kampata kakang'ono kwambiri, kadzatenga nthawi kuti kadzaze, ndipo nyimbo zidzabwerera zokha. Achemwali angodina kamodzi basi, osavutikanso kuyatsa. Wotchi yopanda wotchi, yosadya moto. Ndinadziuza kuti ngakhale wolemba buku uja sanaganize zimenezi. Chinatsala n'kudziwa kuti maliro amatenga nthawi yotani kudutsa. Ndiye sabata imeneyo ndikamva kuti kwina kukuikidwa maliro, ndinkakaima m'mbali mwa msewu, chipewa chili pachifuwa, foni yowerenga nthawi ili m'chipewamo. Ndinkayamba pa galimoto ya bokosi, n'kuimitsa lole yomaliza ikadutsa. Mayi wina wogulitsa tomato anauza mnzake, ine ndikumva, kuti bambo awa ndi opemphera kwambiri, maliro a aliyense amawakhudza. Ndinapeza kuti mphindi zitatu n'zokwana, ndinawonjezera pang'ono kuti ndikhale waulemu.

Ndinakaika kachitini Lolemba la Sabata Loyera. Achemwali anavomera monyinyirika kuti chitenje chichoke. Tinayesa kangapo. Akadina, nyimbo inkatsika mwaulemu mpaka zii, popanda phuu, popanda thwa. Tikamacheza, inkabwerera yokha. Batire la mafoni silinamve kanthu. Achemwali sananene kuti zili bwino, koma ndinaona akukonza duku.

Lachitatu kunali maliro, ndipo ndinatseka makina anga kuti ndikaone ndi maso. Tinamva nyimbo ya amayi isanafike pakona. Achemwali anadina, sipika inatonthola bwinobwino. Galimoto ya bokosi inadutsa, kenako ya anamfedwa, kenako malole awiri. Ine ndinaima ndi nkhope yachisoni, koma mumtima ndinkavina. Fumbi linayamba kukhazikika. Patapita kanthawi ndinamva gitala wa alamu akutulukira pansipansi, pa nthawi yake yeniyeni imene ndinamuuza.

Pomwepo pakona panatulukira anthu oyenda pansi.

Anali amene sanakwane m'malole. Amayi achikulire atagwirana awiriawiri, bambo wina wa ndodo ziwiri, atsikana onyamula zigubu za madzi osamba m'manja kumanda. Akutsogolo anadzutsa mitu kuyang'ana sipika. Achemwali anamenya batani lija ndi chikhatho, nyimbo inatsika, ndipo dzanja sanalichotsenso. Sanakakhulupirirenso kachitiniko. Ine ndinalumphira m'okala kukakoka kireti kuti ndizimitse pamwamba.

"Khala pansi," anatero osatembenuka. "Ukakhala ku Chitawira adzakwere ndani?"

Ndinakhala. Anthu aja ankayenda pang'onopang'ono, msewu ndi wokwera. Dzanja la achemwali, limodzi lokhalo limene limagwira ntchito, linakhalabe pa kachitini, mitsempha itatuluka. Womaliza weniweni anali amayi a pampando aja, akukoka mawondo awo. Anatiyang'ana kamodzi n'kupitirira.

Atazimirira kumtunda, achemwali anandiuza kuti ndizule waya. Kenako anafunsa, "Mphindi zako zitatuzo unawerenga chiyani?"

"Magalimoto."

"Oyenda pansi si anthu? Tsiku la maliro a alamu ako ine ndinakana galimoto. Ndinayenda, ndipo ndinali kumapeto kwenikweni. Unali pomwepo iwe, unandigwira mkono."

Ndinali pomwepo ndithu. Ndinali nditaiwala.

"Kachitini kako sikadziwa amene wamwalira," anapitiriza. "Khanda limapita ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda galimoto ndi imodzi yomwe. Ena ndimawazimitsira mpaka anthu abwerere kumanda. Akakhala a pafupi, mpaka masamba achotsedwe pamsewu, kaya ndi masiku awiri. Zimenezo ndimadziwa ndine. Iwe ndinakupempha dzanja lofika pamwambapo, sindinakupemphe mutu."

Anandiuzanso kuti mwana wawo wayamba kale kulongedza zovala.

M'minibasi pobwerera ndinkafuna kudziikira kumbuyo. Ndinaganiza zotalikitsa nthawi, mphindi khumi, mwina makumi awiri. Tikufika pa Chichiri ndinali nditavomera kuti nambala iliyonse imene ndingasankhe idzakhala yolakwika pa maliro a wina wake. Mbali imene ndinkainyadira kwambiri ndi imene inayenera kuchoka. Lachinayi m'mawa ndinatsegula kachitini, n'kuchotsa kampata kaja ndi batani lake. Ndinamasula swichi ya kanyale ka pa makina anga osokera, ya mbali ziwiri, imene imakhala pomwe waisiya. Mbali imodzi kandowa kamadzaza, nyimbo n'kukwera pang'onopang'ono. Mbali inayo kamakhuthuka, nyimbo n'kutsika, n'kukhala chete mpaka mwini wake atanena. Chinthu chonse chinaphweka moti ndinachita nacho manyazi. Kenako ndinachita ntchito imene ndimaidziwadi: ndinasoka kathumba ka nsalu yolimba ya jinzi, ka malamba awiri, komangirira kachitini pa mkono wakumanja wa mpando, kuti swichi izikhala pansi pa chala chachikulu ndipo isamathawe akaikankha ndi dzanja limodzi.

Ndinakamangirira Loweruka Loyera. Chikwama chachikulu chinali pabedi, chotseka kale. Achemwali anayesa swichi kawiri, katatu, akumvetsera.

"Sibwerera yokha?"

"Ngakhale mutaisiya chaka."

"Batire lakelo likatha?"

"Kukhala chete. Mudzangondiimbira kuti a injiniya, zafa."

"Tione maliro otsatira," anatero. "Chikwama chisatsike pabedipo."

Mulungu andikhululukire, sabata ya Pasaka imeneyo ndinakhala ndikudikira imfa ya munthu. Masana aliwonse ndinkanyamula mathalauza ofunika kupinda pamanja n'kukasokera pakhonde la achemwali. Nyimbo zinkalira, anthu anayambanso kuima, mafoni ankadzaza. Koma tonse awiri makutu anali kukona.

Anabwera Lachisanu. Anali maliro a munthu wosauka, kagalimoto kamodzi kapamtunda konyamula bokosi, ena onse pansi. Achemwali anamva nyimbo yawo ine ndisanamve. Chala chinasuntha, gitala anatsika n'kuzimirira, ndipo dzanja lawo analibweza pamiyendo. Tinakhala choncho. Anthu anadutsa, ambiri ndithu, nthawi yaitali kuposa mawotchi anga onse. Atatha, ndinayang'ana achemwali. Anapukusa mutu. Tinakhala chete ola lathunthu ndi kupitirira, ine ndikusoka, iwo akugulitsa machesi ndi mchere monong'ona, mpaka anthu anayamba kutsika kuchokera kumanda m'timagulu.

Amayi a pampando anali m'kagulu kakumapeto, monga mwa masiku onse. Atafika pa okala anakhota, n'kudzigwetsa pa kireti ija.

"Madzi, mayi. Mawondo awa andikana."

Ndinawatungira. Anamwa, akuyang'ana kachitini ka polishi kali m'kathumba ka jinzi pa mkono wa mpando.

"Ichi ndiye chiyani?"

"Ndi za a injiniya awa," anatero achemwali. "Atelala."

"Lachitatu lija chinatsala pang'ono kutivinitsa."

"Chinali ndi nzeru zambiri. Tazichotsa."

Amayi aja anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati wamasiye wa maliro oyamba aja anali m'gulu limene linadutsa popita, ndipo anayang'ana ku okala. "Sindikuti zatha," anatero. "Mudzapite mukamuone, galimoto tidzapeza. Koma lero wayang'ana." Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Tayatsani tsono timve, miyendo ipume."

Achemwali sanayatse msanga. Anasuzumira kumtunda. Kunali amayi awiri akutsika, mmodzi atanyamula nsapato m'manja. Anawadikira adutse, afike pakona, akhote. Pamenepo ndi pamene chala chinasuntha, ndipo nyimbo ya alamu inakwera pang'onopang'ono, ngati ikupempha kaye malo.

Pamene ndinkalongedza mathalauza anga kuti ndizipita, anandiitana. "Usanapite unditsitsire chikwama chili pabedipo. Muli chitenje chimene ndikufuna kuvala Lamulungu." Nditatsitsa, ndikutuluka, anawonjezera mawu amodzi m'Chisena, mmene ankathokozera malemu mayi athu: "Takhuta." Sanandiyang'ane, ankawerengera kasitomala mabanzi.

Makina anga mpaka lero alibe kanyale, ndimalowetsa ulusi pa singano moyang'anitsa kudzuwa. Pasaka iliyonse ndimapita ku Bangwe, n'kutsegula kachitini, n'kugunditsa kabatire kaja pa lilime monga timayesera. Kamandilumabe. Achemwali amati ndisiye kunyambita katundu wawo pamaso pa makasitomala.